Anamuyeza n'kupezeka alibe kanthu, nanga bwanji akumulanda mendulo patapita zaka?

Funso lachokera kwa bambo wina amene akuti marathon ikamaonetsedwa pa TV sadzuka pampando. Alemba kuti: "Ine zikundisokoneza. Munthu wawina mpikisano, amuyeza pompo, zotsatira zili bwinobwino, amuveka mendulo. Patapita zaka 5 kapena 8 tikumva zoti amulanda chifukwa ankagwiritsa ntchito mankhwala oonjezera mphamvu. Ndiye makina oyezerawo ndi achabe? Komanso bwanji masiku ano ogwidwa akumakhala a ku Kenya okhaokha, imeneyi si nsanje ya azungu?"

Zikomo bambo, mafunso anu ndi awiri koma muzu wake ndi umodzi. Makinawo si achabe ayi, amangotsalira kumbuyo pang'ono kwa anthu obera. Chimene chinaononga kwambiri masewerawa ndi anthu amene anapatsidwa udindo wosunga zotsatira za makinawo, chifukwa ena mwa iwo ankazigulitsa. Ndiyamba ndi za makinazo kuti nkhani ya ziphuphuyo imveke bwino.

Kwa othamanga mitunda italiitali mankhwala otchuka ndi EPO. Thupi lathu limapanga lokha EPO mu impso, ntchito yake ndi kupangitsa kuti m'mafupa muzituluka maselo ofiira a magazi, amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. Kuchipatala amabaya nayo odwala impso amene magazi akuwachepera. Wothamanga akabayitsa, magazi ake amanyamula mpweya wambiri nde satopa msanga. Povuta ndi poti mankhwalawo amatha m'thupi pa masiku ochepa chabe pomwe maselo apangidwa aja amagwirabe ntchito kwa masabata ambiri, ndiye munthu amabayitsa nthawi ya trening ali kwawo, n'kusiya mpikisano ukamayandikira, tsiku lothamangalo mkodzo uli mbee koma mphamvu zili m'magazi. Ena amabaya tochepatochepa pogona podziwa kuti oyeza sabwerabwera pakati pa usiku, pofika m'mawa zizindikiro zazilala. Ndipo njira yoyezera EPO inabwera mu 2000, a mipikisano ya njinga atasamba kale nayo kwa zaka zambiri.

N'chifukwa chake bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera padziko lonse, limene linakhazikitsidwa mu 1999 pambuyo pa chipwirikiti cha mankhwala cha timu ya njinga ya Festina ku Tour de France ya 1998, silidalira kuyeza kwa tsiku la mpikisano kokha. Wothamanga wapamwamba amayenera kunena komwe azipezeka ola limodzi tsiku lililonse kuti oyeza atha kungotulukira, akaphonya katatu pa miyezi 12 ndi mlandu olo asamupeze ndi kanthu. Pali chimene amati pasipoti ya magazi, imene mu zothamanga inayamba mu 2009, apa sasaka mankhwala enieniwo koma amatsatira mmene magazi a munthuyo akusinthira mwezi ndi mwezi, akamadumpha mosamveka akatswiri amadziwa kuti pali chinachake. Komanso mabotolo a mkodzo ndi magazi a ku Olympics amasungidwa mufiriji mpaka zaka 10, kuti sayansi ikapita patsogolo awatsegulenso. Atayezanso a ku Beijing 2008 ndi London 2012 anagwira anthu oposa 100 amene poyamba anadutsa, ambiri ndi ma steroid akalekale ngati Turinabol. Ndiye kulanda mendulo mochedwa kumene mukunenako mbali ina ndi chimenechi, ndipo pamenepo palibe cholakwika, ndi mmene ziyenera kukhalira.

Koma mbali inayo ndi yowawa. Kuchedwa kwina kunali kogula.

Kuyambira 1999 mpaka 2015 pulezidenti wa bungwe loona zothamanga padziko lonse, limene nthawi imeneyo linkatchedwa IAAF pano ndi World Athletics, anali Lamine Diack wa ku Senegal. Munthu wolemekezeka ndithu, anakhalapo meya wa Dakar, ali mnyamata anali katswiri wodumpha, ndipo ambiri kuno ku Africa tinkanyadira kuti mwana wakwathu ali pampando waukulu chonchi. Cha m'ma 2011 pasipoti ya magazi ija inayamba kuloza othamanga ambiri a ku Russia. M'malo moti milandu ipite patsogolo, mndandanda wa mainawo unafika m'manja mwa anthu amene sankayenera kuuona, ndipo othamangawo anayamba kuuzidwa kuti mukapereka kangachepe fayilo yanu igona mudirowa. Kangachepe kake sikanali ka fanta ayi. Liliya Shobukhova, mayi amene anawina Chicago Marathon katatu motsatizana, 2009, 2010 ndi 2011, komanso London Marathon ya 2010, anapereka ma euro 450,000 kuti athamange nawo ku Olympics ya London 2012. Anathamangadi olo kuti sanamalize mpikisanowo. Mu 2014 zitaoneka kuti amuletsabe kuthamanga anakwiya n'kufuna ndalama zake, ndipo anam'bwezera ma euro 300,000 kudzera ku kampani ina ya ku Singapore yotchedwa Black Tidings. Kubweza kumeneko ndi kumene kunasiya mapazi oti ofufuza atsatire.

Taonani anthu amene anali mu dilu imeneyi. Mwana wa Diack, Papa Massata Diack, amene ankagwira za malonda ku IAAF. Habib Cissé, loya wa pulezidentiyo. Valentin Balakhnichev, mkulu wa zothamanga ku Russia yemwenso anali msungichuma wa IAAF. Ndi Gabriel Dollé, dokotala amene anali mkulu wa dipatimenti yolimbana ndi mankhwala omwewa. Zili ngati wolondera mayeso ndi amene akugawa likasa pakhomo la kalasi, n'kumakulipiritsanso kuti asakunenere. Khothi la ku Paris mu Seputembala 2020 linapeza Lamine Diack wolakwa pa nkhani yotchinjiriza othamanga a ku Russia oposa 20 posinthana ndi ndalama zoposa ma euro 3 miliyoni, anam'gamula zaka 4, ziwiri mwa izo zoimikidwa, ndi chindapusa cha ma euro 500,000. Iye anavomera kuti milandu inkachedwetsedwa dala koma anati ankateteza chuma cha bungwe, poti mpikisano wa dziko lonse wa 2013 unali ku Moscow ndipo banki ya ku Russia ya VTB inali sponsa. Anamwalira ku Dakar mu Disembala 2021 ali ndi zaka 88 apilo yake isanamvedwe. Mwana wake anagamulidwa zaka 5 iye kulibe, anakhalabe ku Senegal ndipo wakhala akuukana mlanduwu.

Ine chimene chimandipweteka pa nkhani imeneyi ndi choti sayansi inagwira ntchito yake. Magazi analankhula mu 2011, amene anawatseka pakamwa ndi anthu a mu ofesi.

Ku Russia komweko zinafika pena. Atachita manyazi ku Winter Olympics ya Vancouver mu 2010 komwe anapeza golide 3 basi, akuluakulu anatsimikiza kuti ya 2014 ku Sochi, pakhomo pawo, zisadzachitikenso. Mkulu wa labu ya ku Moscow, Grigory Rodchenkov, amene anali katswiri weniweni moti njira imodzi yogwirira Turinabol patapita nthawi anathandiza kuipeza ndi iyeyo, anasakaniza ma steroid atatu n'kumawasungunula mu mowa, whisky kwa amuna, vermouth kwa akazi, wosewera amangochukucha mkamwa kuti zilowe msanga ndi kutha msanga. Miyezi ingapo mpikisano usanafike osewera osankhidwa anapereka mkodzo wabwino n'kuusunga mufiriji. Nthawi ya Olympics, usiku, mabotolo a mkodzo wa tsikulo ankadutsitsidwa pa kabowo kakang'ono kapakhoma la labu kupita chipinda china, apolisi achinsinsi a FSB n'kuwatsegula, mabotolo amene kampani yowapanga inkati sangatseguke popanda kuswa chivindikiro, kutaya mkodzo woipa, kuthiramo wabwino uja, kuonjezera mchere kapena madzi kuti ufanane ndi zimene zinalembedwa pa fomu, m'mawa botolo labwerera pamalo pake. Russia inakhala pamwamba ndi mamendulo 33. Pamenepa makina akanatani? Ankayeza mkodzo wabwinodi.

Ndipo si ku Sochi kokha. Loya wa ku Canada Richard McLaren, mu malipoti ake a Julaye ndi Disembala 2016, anapeza kuti pakati pa 2011 ndi 2015 osewera oposa 1,000 a masewera oposa 30 anapindula ndi dongosolo limeneli. Labu ikapeza wina ali ndi mankhwala inkayamba yafunsa ku unduna wa zamasewera, unduna ukati ameneyu mupulumutseni, mu kompyuta ankalemba kuti alibe kanthu. Atayang'ana mabotolo a ku Sochi pa maikulosikopu anapeza timikwingwirima mkati mwa zivindikiro, ena mchere wake unali wochuluka moti munthu wamoyo sangakodze chonchi, ndipo mu mkodzo wa atsikana awiri a ice hockey munapezeka DNA ya mwamuna.

Amene anayamba kuulula za ku Russia si makina, ndi anthu awiri, Vitaly Stepanov amene ankagwira ntchito ku bungwe loyeza la ku Russia ndi mkazi wake Yuliya, wothamanga 800m yemwe naye anagwidwapo. Vitaly anayamba kulembera WADA mu 2010, zaka zinapita popanda chochitika, mpaka Yuliya anayamba kujambula makochi mobisa ndipo mtolankhani wa ku Germany Hajo Seppelt anaulutsa pa TV ya ARD mu Disembala 2014. Banjali linathawa kwawo, likukhala mobisala ku America. Rodchenkov naye anathawira ku America kumapeto kwa 2015 atawononga kale mabotolo 1,417, ndipo mu Febuluwale 2016 akuluakulu awiri akale a bungwe loyeza la ku Russia anamwalira motsatizana m'mwezi umodzi. Nanga chilango? Bungwe loyendetsa Olympics la IOC linakana kuletsa Russia yonse ku Olympics ya Rio 2016, osewera a ku Russia oposa 270 anapita, koma Yuliya amene anaika moyo wake pachiswe anamukaniza. Chilango cha zaka 4 chimene WADA inapereka mu 2019, atapeza kuti ngakhale deta ya mu kompyuta ya labu inasinthidwa asanaipereke, khothi la zamasewera la CAS linachidula pakati, ndipo osewera anapitabe ku Olympics ya Tokyo ndi ya Beijing pansi pa dzina la ROC, komiti ya Olympics ya ku Russia. Ku Beijing 2022 komweko ndi kumene zinaululika kuti kamtsikana ka ku Russia ka zaka 15, Kamila Valieva, kanapezeka ndi mankhwala a mtima a trimetazidine. Mwana wa zaka 15 sadzigulira yekha zimenezo, koma amene analetsedwa zaka 4 ndi iyeyo.

Musaganize kuti ndi nthenda ya Russia ndi Senegal basi. Ku bungwe la onyamula zitsulo, pansi pa Tamás Aján wa ku Hungary, kafukufuku wa McLaren yemweyo mu 2020 anapeza zotsatira 40 zobisidwa, madola 10.4 miliyoni osadziwika komwe analowera, ndi kugula mavoti pa zisankho. Anders Besseberg wa ku Norway, mkulu wa masewera a biathlon (kutsetsereka pa sinoo ndi kuwombera mfuti) kwa zaka zambiri, khothi la kwawo linam'gamula zaka 3 ndi mwezi umodzi mu 2024 chifukwa cholandira mawotchi odula ndi maulendo okasaka nyama. Lance Armstrong wa ku America ankadzitama kuti sanagwidwepo pomwe anapereka ndalama zoposa madola 100,000 ngati mphatso ku bungwe la njinga la UCI limene linkayenera kumuyang'anira, anamugwetsa ndi maumboni a anzake a mu timu mu 2012.

Tsopano za Kenya. Bambo, ndikumvetsa pamene mtima wanu ukuchokera koma nsanje si yankho lake. Yambani mwaona amene anaberedwa ndi katangale wa nthawi ya Diack, ambiri ndi akwathu konkuno. Caster Semenya wa ku South Africa anamaliza wachiwiri pa 800m ku London 2012 kumbuyo kwa Mariya Savinova wa ku Russia, golide anakhala wake Savinova atalandidwa mu 2017. Habiba Ghribi wa ku Tunisia golide wake wa steeplechase wa 2012 anamulandira mu 2016. Mendulo imabwera inde, koma nyimbo ya fuko pa sitediyamu yodzadza, ma kontrakiti a nsapato ndi ndalama zoitanidwira ku mipikisano chaka chotsatiracho zinapita ndi wina, ndipo sizibwerera.

Chifukwa cha manyazi a Diack, mu Epulo 2017 anakhazikitsa Athletics Integrity Unit, AIU, ofesi yoima payokha imene pulezidenti wa bungwe sangaiuze kuti fayilo iyi isiyeni. Itayamba kuyeza mwamphamvu ku Iten ndi Eldoret, matauni a ku Kenya komwe othamanga ambiri amachitira trening, makamaka othamanga mumsewu amene kale sankayezedwa kunja kwa mpikisano, maina anayamba kugwa. Ndiye kuchuluka kwa ogwidwa mbali ina kukusonyeza kuti tsopano kukuyezedwadi. Koma tisanamizane, vuto ku Kenya lilipo ndipo ndi lalikulu. Rita Jeptoo, wowina Boston ndi Chicago, anapezeka ndi EPO mu 2014, zimenezi AIU isanabadwe n'komwe. Jemima Sumgong, mayi woyamba wa ku Kenya kuwina golide wa marathon ku Olympics mu 2016, anapezeka ndi EPO mu 2017, n'kubweretsa mapepala achipatala abodza, chilango chinakwera kufika zaka 8. Wilson Kipsang amene anakhalapo ndi rekodi ya dziko lonse analetsedwa zaka 4 mu 2020 chifukwa chophonya oyeza ndi kupereka umboni wabodza. Nkhani ya Asbel Kiprop ndi imene imaonetsa kuti ziphuphu zimafika mpaka pansi, iye anatsinidwa khutu kuti oyeza akubwera, zomwe ndi zoletsedwa, ndipo anati anatumizira mmodzi wa iwo ndalama pa M-Pesa. EPO inapezekabe, analetsedwa zaka 4, mpaka lero amakana. Kiprop yemweyu golide wake wa 1500m wa Beijing 2008 anamupeza Rashid Ramzi wa ku Bahrain atagwidwa.

Kusiyana kwake ndi Russia ndi koti ku Kenya ofufuza sanapeze boma likuyendetsa dongosolo, ndi msika wa aliyense payekha. Othamanga aluso alipo zikwizikwi, malo owina ndi ochepa, mphoto ya marathon imodzi ya mu mzinda wina ku Europe kapena China imamanga nyumba ndi kulipirira fizi banja lonse, ndipo pafupi pali wogulitsa mankhwala, wachipatala wachinyengo kapena kochi amene akuti anzako onse akubayitsa, iwe ukudikira chani. Boma la Kenya linakhazikitsa bungwe loyeza la ADAK mu 2016 ndipo mu 2022, dziko litatsala pang'ono kuletsedwa, linalonjeza madola 5 miliyoni pachaka kwa zaka 5. Ndipo oberedwa ndi othamanga a ku Kenya obayitsawa nthawi zambiri ndi anzawo omwe. Edna Kiplagat anapatsidwa chipambano cha Boston 2021 mnzake Diana Kipyokei atagwidwa. Buzunesh Deba wa ku Ethiopia anakhala wowina Boston 2014 Jeptoo atalandidwa, koma ndalama za mphoto anadikira zaka pafupifupi 10 osaziona mpaka munthu wina wakufuna kwabwino anam'patsa za m'thumba mwake mu 2024.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pa nkhani ya kukondera. Mu Epulo 2024 zinaululika kuti osambira 23 a ku China anapezeka ndi trimetazidine kumayambiriro kwa 2021, bungwe la kwawo linati mankhwalawo anachokera kukhitchini ya hotela, WADA inavomereza mwakachetechete, palibe anaimitsidwa olo tsiku limodzi ndipo ena anakawina mamendulo ku Tokyo. Wofufuza wa ku Switzerland amene WADA inamuitana anati sanapeze kukondera. Chabwino, koma Lawrence Cherono wa ku Kenya atapezeka ndi mankhwala omwewo mu 2022 anaimitsidwa pompo, dzina lake linamveka dziko lonse, ndipo pamodzi ndi mlandu wonamiza ofufuza anapatsidwa zaka 7. Milanduyi si yofanana ndendende, komabe mwana wa ku Iten alibe unduna woti umulembere lipoti la khitchini, alibe loya wa madola zikwizikwi kapena labu yoti imuyezere nyama imene anadya. Wa dziko lolemera ali nazo zonsezi. Muzu wake ndi woti WADA imayendera ndalama za IOC theka ndi za maboma theka, anthu omwewo amene amafuna masewera aoneke oyera ndi mbendera zawo zikwere, ndipo kuyeza kwa tsiku ndi tsiku imasiyira bungwe la dziko lililonse kuti liziyeza ana ake omwe. Ine ndimaona kuti bola njira ya AIU, oyeza akhale anthu amene sapindula kanthu wosewerayo akawina, ndipo masewera ena ngati mpira amene sitimvamva za ogwidwa ndimawakayikira kwambiri kuposa zothamanga.

Kuti muone kukula kwa mpata, pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Daegu mu 2011 akatswiri anafunsa othamanga mwachinsinsi popanda kulemba maina, osachepera 30 pa 100 alionse anavomera kuti anagwiritsa ntchito zoletsedwa chaka chimenecho, pomwe kuyeza kunagwira ochepera 1 pa 100. Zotsatira za kafukufukuyu zinakhala zaka 6 zisanaloledwe kutuluka mokwanira, mpaka 2017. Ndiye mukaona rekodi yodabwitsa, kukayika si tchimo. Ruth Chepngetich anathamanga 2:09:56 ku Chicago mu Okutobala 2024, mayi woyamba kutsika pansi pa 2:10, mu Malichi 2025 anapezeka ndi HCTZ, mankhwala okodzetsa amene amatha kubisa mankhwala ena, analetsedwa zaka 3, koma rekodi ija ilipobe poti mlanduwo unabwera pambuyo pake. Nsapato zatsopano za carbon nazo zatsitsa nthawi kwa aliyense, moti si wothamanga mwachangu aliyense amene ali wakuba.

Ngati muli ndi mwana kapena m'bale amene akuthamanga kapena kusewera mpira mpaka kumapita kunja, muuzeni kuti lamulo limati chimene chapezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, zoti sindimadziwa zimangochepetsa chilango nthawi zina basi. Tramadol amene anyamata ena amamwa kuti asamve kuwawa analowa pa mndandanda wa zoletsedwa nthawi ya mpikisano kuyambira Januwale 2024, chamba chilinso pomwepo, mankhwala ena a chimfine ali ndi pseudoephedrine amene akachuluka mu mkodzo ndi mlandu, ndipo ma supplement a ku jimu ogulidwa mwachisawawa nthawi zina amakhala ndi ma steroid amene sanalembedwe pa botolo. Wodwala mphumu kapena matenda ena ofuna mankhwala oletsedwa amatha kupempha chilolezo chotchedwa TUE, koma apemphe asanayambe mpikisano. Jakisoni aliyense amene kochi kapena manijala akuti ndi mavitamini, afunse dzina lake, alembe, ndipo dokotala ayang'ane pa mndandanda wa WADA, umene umasinthidwa pa 1 Januwale chaka chilichonse.